Phula M'mimba mwa Sowo Yanga

Ku Joni ndinabwerako ndi chinthu chimodzi chokha chimene ndinkachiyesa changa: sowo ya injini yodulira mitengo. Ndinaipanga ndi manja angawa. Mumtima ndinali nditalumbira kuti sowoyo izitidyetsa ine ndi mwana wanga Edina kuno ku Liwaladzi, kuti ndisadzamusiyenso. Ine sindine munthu wa pakamwa. Ngakhale kutchalitchi ndimakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, ndipo sukulu ndinalekezera sitandade folo. Koma zimene anandichita abale a amuna anga pa sowo imeneyi zimanditenthabe pachifuwa, ndiye bola ndizilembe.

Tinanyamuka matipate atangoyamba. Nthawi imeneyo pakamwa pa aliyense panali ufulu, ndipo mapasipoti ankatuluka mosavuta. Amuna anga anali msodzi wopanda bwato, ankangopalasa a eni ake. Mnzawo wina anabwera ndi wailesi yaikulu komanso nkhani ya famu ya mitengo kumene ankafuna anthu amphamvu. Ine ndinati nditsala ndi mwana. Amayi anga anakana.

"Mwamuna wopita ku Joni yekha amabwera ndi imvi, kapena osabwera n'komwe. Pita naye. Mwanayu ndisiyire."

Edina anali atangosiya bere. Ndinamusiya akukumba mchenga ndi chigoba kuseri kwa nyumba, osamutsanzika, chifukwa ndinkadziwa kuti akalira ine lole sindikwera. Mawere anandipweteka njira yonse mpaka titadutsa Tete.

Kufamuko kunali mapiri a nkhungu, ndi mitengo ya bulugamu ndi paini yobzalidwa m'mizere ngati chimanga. Tinkakhala m'komponi ya malata, chipinda chimodzi mabanja atatu, pakati titatchinga ndi masaka. Banja lina likakangana, ena tonsefe tinkadziwa wolakwa. Nsomba zake zinali za m'chitini, zomveka ngati nsanza zonyowa m'kamwa. Amuna anga anawapatsa sowo ya pafamupo n'kuyamba kugwetsa mitengo. Ife akazi tinkasenda makungwa ndi zitsulo, m'mamawa kukuzizira mpaka zala kung'ambika. Ine ndinali wochedwa. Kapitawo ankanditcha Nkhono, ine n'kumangowerama.

Tsiku lina atatopa nane ananditumiza kukasesa ku shedi yokonzerako masowo. Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi a Chirwa, mtchona wa ku Nkhata Bay amene anapita kumigodi ali mnyamata osabwereranso. Dzanja lawo lamanzere linali ndi zala zitatu.

"Ndiwe wa kuti, mwana iwe?"

"Ku Nkhotakota."

"Kweza mawu. Makutu anga anatsala pansi pa nthaka."

"Ku Liwaladzi."

"Aa, wodya kondowole mnzanga! Taonetsa manja." Anawatembenuza uku ndi uku. "Manja awa si osendera makungwa. Siya tsachelo."

Poyamba ntchito yanga inali kutsuka zitsulo m'beseni la petulo. Zala zanga n'zazing'ono, zinkalowa mmene zawo sizinkalowa. Odula mitengo ankalipidwa malinga ndi mitengo imene agwetsa, ndiye aliyense ankafuna sowo yake iziluma kuposa ya mnzake. Ankabwera ndi fodya m'thumba n'kumanong'ona kuti, "Madala, tanditsegulireni yanga." Kutsegula sowo kunali kupala pang'ono m'kati mwa silinda ndi tupa kuti injini izipuma bwino. Ine ndinkangoonera chammbali, mpaka tsiku lina a Chirwa anandikhazika pansi ndi silinda yakufa.

"Suzumira umu. Mabowo awa ife timati mazenera. Lalikululi ndi la utsi. A m'mbaliwa ndi olowera mpweya watsopano wosakanikirana ndi petulo. Pisitoni ndiye chitseko chawo: ikakwera imatseka, ikatsika imatsegula. Tsono pansi pa pisitoni pali chiyani?"

"Mmene mumazungulira shafuti."

"Imeneyo ndi mimba. Pisitoni ikamakwera, mimba imakoka mpweya ndi petulo. Ikamatsika, imafinya mimbayo, ndiye mpweya uja umafuna pothawira. Mazenera a m'mbali akangotseguka, umakwera pamwamba n'kukankhira utsi wakale kunja. Koma zenera la utsi liziyambirira kutseguka, pang'ono pokha, kuti moto uphwe kaye. Likachedwa, utsi umabwerera m'mimba. Likafulumira, mphamvu imathawa isanagwire ntchito. Nkhani yonse ndi nthawi, mwana wangu. Wina atuluke, wina alowe, asagundane pakhomo."

Nthawiyo tinkaiyeza ndi chivundikiro cha chitini cha penti chimene anachilemba timizere kuzungulira. Tinkachimanga pa shafuti, pambali n'kuika waya wolozera. Ine ndinkaika diso pa bowo la utsi, iwo akuwalitsa tochi pa bowo la pulagi n'kumazungulitsa pang'onopang'ono. Kuwala kukangooneka kopyapyala ngati tsitsi limodzi, ndinkati, "Apo!" ndiye iwo n'kuwerenga timizere. Maso awo anali atayamba ng'ala. Patapita miyezi anandipatsa tupa kuti ndizipala ndine.

Za mimba anandiphunzitsa ziwiri. Mimba ikamadontha, injini imamwa mpweya wopanda mafuta, imatentha n'kugwira. Ndiye tinkatseka mazenera onse ndi zidutswa za chubu, n'kupopa ndi pampu ya njinga, n'kupaka madzi a sopo pa mphira za m'mbali mwa shafuti. Pamene patuluke thovu, ndi pamenepo. Chachiwiri, mimba ikakula kwambiri siifinya mwamphamvu. Pa masowo ena a Chirwa ankamata m'makona mwake ndi guluu wotuwa wouma ngati mwala, wosaopa petulo kapena kutentha. Ankamata kochepa kwambiri.

"Ukaichepetsa mopitirira, mpweya umakwera ndi ukali n'kutulukira limodzi ndi utsi. Petulo kumangotayika, nkhuni osaoneka."

Kwathu kunyanja kuno amati mkazi akadumpha ukonde, ukondewo sugwira nsomba. Amuna athu maganizo amenewa anakwera nawo mpaka kumapiri. Wina wa ku Salima atandipeza ndili ndi tupa anakuwa.

"Madala, mkaziyu asakhudze sowo yanga! Ingandidule mwendo."

"Wachedwa," anatero a Chirwa. "Mwezi wonsewu wadula ndi sowo imene anatsegula ndi iyeyu. Taonetsa miyendo. Ndi ingati?"

Amuna anga nkhaniyi inkawachititsa manyazi. Ankati fungo la petulo likulowa mu ndiwo. Koma sowo yawo ikayamba kufooka ankaisiya mwakachetechete pakona pamene ndinkakhala ine.

Ndinalakwitsapo kamodzi. Ndinanyengeka ndi kuyamikiridwa, ndipo pa sowo ya munthu wina ndinakweza denga la zenera la utsi mopitirira. Titailiza, sowoyo inakuwa mokweza, mwini wake mpaka kuvina. A Chirwa sanaseke. Anandiuza kuti ndiinyamule ndekha mpaka kunkhalango ndikaonerere. Itangolowa mu mtengo inatsamwa n'kuima. Ikatuluka, kukuwa. Ikalowa, kutsamwa. Kwa mzungu wa pafamupo a Chirwa anati anapala ndi iwo, ndipo mzunguyo anawatukwana ine ndili pomwepo, nkhalamba ya imvi ngati mwana. Pobwerera anangondiuza kuti, "Chitsulo si tsitsi. Ukachimeta sichimera."

Amuna anga anafa ndi mtengo wa bulugamu umene unakodwa pa unzake n'kugwera mbali imene sanaiyembekezere. Tinawaika komweko paphiri, anthu a m'komponi akuimba aliyense m'chilankhulo chake. Sowo imene ankagwiritsa ntchito mzungu anaipereka kwa munthu wina tsiku lomwelo, mafuta asanathe n'komwe m'thanki. Izi ndikufuna zimveke bwino: amuna anga sanakhalepo ndi sowo yawoyawo.

Ndinkafuna kunyamuka m'mawa mwake. A Chirwa anandiletsa.

"Ukabwerera chimanjamanja ukadya chiyani? Akakupezera mwamuna wina kuti udye, kapena ubwereranso kuno kudzasenda makungwa. Tiye kuseri."

Kuseri kwa shedi kunali mulu wa masowo akufa, ena atamera udzu. A Chirwa anakapempha kwa mzungu, ndipo iye anaseka n'kunena kuti zinyalala atenge amene akuzifuna. Ndinasankha atatu. Ina inapereka mimba, ina silinda ndi pisitoni, ina chogwirira ndi thanki. Ndinkagwira Loweruka masana ndi Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Mazenera ndinawayeza kasanu ndisanaikepo tupa. Makona a mimba ndinamata ndekha ndi guluu wotuwa uja. A Chirwa ankangokhala pachitini n'kumasuta, osakhudza kanthu.

Nthawi yonseyi ndinkatumiza kwa amayi kangachepe kudzera kwa madalaivala a mabasi. Ndinatumizanso diresi la Edina. Anayankha kuti silinamulowe ngakhale m'mutu. Ndinali nditayeza mwana amene ndinamusiya akukumba mchenga uja.

Sowo yanga inalira koyamba amuna anga atagona m'manda miyezi isanu ndi itatu. Inadula chipika cha bulugamu wouma ngati ikudula papaya. A Chirwa anaivula, kuikulunga m'bulangete lawo n'kuiika m'katoni. Ndinawafunsa ngati sakufuna kubwerera kwawo.

"Ndikalonjere ndani? Onse ondidziwa ali pansi. Ukafika, ukandidyereko chambo, mutu womwe."

Nditafika ku Liwaladzi ndinapeza zambiri zitasintha. Ana onse ankapita kusukulu yaulere, atsikana ena atavala mathalauza, ndipo mitengo ya m'mbali mwa msewu inali itatha, akuti ufulu. Edina atandiona anabisala kumbuyo kwa agogo ake n'kufunsa kuti anti amenewa ndi a kuti. Alamu anga a Lufeyo, mng'ono wa amuna anga, anali atatsegula kashedi kugombe kokonzera injini za maboti. Ankayenda ndi sipanala m'thumba la kumbuyo ngakhale popita kumaliro.

Mwambo wake ndi wakuti katundu wochokera kumene munthu wafera samasulidwa mpaka abale ake asonkhane. Ine ndinautsata. Katoni ija inakhala m'nyumba ya amayi yomangamanga mpaka tsiku losudzula, tsiku limene abale a mwamuna amamasula namfedwa n'kugawa za malemu. Tinalira, tinameta, kenako anayala mphasa pabwalo n'kuikapo zonse. Jekete, nsapato, wailesi, mapoto, mabulangete. Atatsegula katoni ija, amuna onse anadzuka n'kuyandikira.

"Eee, achimwene anali munthu woganiza," anatero a Lufeyo akusisita silinda. "Anadziwa kuti kumudzi kuli mng'ono wawo wodziwa injini."

Ndinati, "Ndinapanga ndine."

Mawu anga anatuluka ngati a udzudzu. Amene anali pafupi anamva n'kuseka, n'kuuza anzawo, nawonso n'kuseka. Amalume anga, amene anali nkhoswe yanga, munthu woyenera kundiimira, anawerama n'kundinong'oneza.

"Namfedwa salimbirana katundu. Usatichititse manyazi. Akuyesa kuti unapita kukafuna chuma cha mwana wawo."

Ndinawamvera. Ine anandipatsa mapoto ndi mabulangete awiri. Sowo inapita kugombe paphewa pa a Lufeyo. Mpaka lero ndimadzikwiyira ndekha chifukwa cha tsiku limenelo, koma ndimakwiyira kwambiri anthu akuluakulu aja. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti, kodi wodula mitengo ya mzungu angaipeze kuti sowo yakeyake?

Masabata otsatira ndinkaimva ndili m'munda wa chinangwa. Ankachekera matabwa a mlombwa opangira maboti, ndipo inkalira bwino, mawu okhuthala, osatsika ikalowa mu mtengo. Anthu ankachokera mpaka ku Benga kudzaona. Ine ndikulima ndi khasu lobwereka, m'mutu ndikuwerenga kuti chinangwa chimenechi sichitifikitsa kokolola kwina. Amayi anali atayamba kale kunena kuti mwina ndibwerere kufamu, mwana azindisungira monga kale.

Tsiku lina ndinamva kuti sowo ija ikulira mouma. Ndinalimba mtima n'kupita kugombe kukauza a Lufeyo kuti oyilo akuchepetsa mu petulo. Ndinawapeza ataivula silinda pa saka, akusuzumira m'kati.

"Alamu, mwabwera bwino. Kodi chotuwa ichi achimwene anamata m'makonamu n'chiyani?"

Apa ndi pamene ndinapusa. Ndinasangalala kuti munthu wandifunsa. Ndinagwada n'kuwafotokozera zonse, kuti mimba ikachepako imafinya mwamphamvu, kuti zenera la utsi ndinalikweza pang'ono kuti izipuma. Ndinabwereza kawiri kuti pang'ono. Ndinayamba kunena za nthawi ya mazenera, koma iwo anali atayamba kale kuyang'ana kwina.

"Achimwene anakuphunzitsani ndithu. Koma iwo anali amantha. Kuli munthu ku Dwangwa, yake imacheka matabwa khumi ino isanamalize asanu. Pitani, alamu, izi n'za amuna."

Patapita masiku awiri, m'mawa dzuwa litakwera, ndinaimva ikukuwa. Mawu opyapyala, okwera, ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Inatsamwa. Inakuwanso. Inatsamwanso. Kenako inalira mokoka, mokoka, n'kukhala zii. Ndinaponya khasu pansi n'kuthamanga.

Kugombe kunali kutadzaza anthu: asodzi osoka maukonde, amayi owamba nsomba, amalume anga nawonso ali pompo akugula usipa. A Lufeyo ankakoka chingwe, chingwe osasuntha. Ndisanafike n'komwe ndinamva fungo. Silinali la petulo kapena oyilo. Linali fungo limene aliyense wobadwira kunyanja amalidziwa, la phula lomatira bwato.

A Lufeyo atandiona anayamba ndi iwo.

"Ndi awa! Anabwera dzana lija n'kuigwiragwira. Dzanja la namfedwa pa chitsulo cha malemu! Ndinkadziwa ine."

Sindikudziwa kumene mawu anachokera. Mwina ndi kuthamanga kuja.

"Amalume, auzeni atsegule. Ine sindikhudza. Akatsegula mupeza zenera la utsi alipala mpaka m'mwamba. M'mimba mupeza phula."

"Mimba yanji? Injini ili ndi mimba?" anafunsa amalume.

"Tsegulani, alamu."

Anthu anayamba kunena kuti tsegula, tsegula, ukuopa chiyani. Anamasula mabawuti anayi, silinda anachita kuimenya ndi chipika kuti ichoke. Pisitoni inatuluka yakuda bii, ikukoka ulusi wa phula ngati uchi. Anali atadzaza theka la mimba, mmene amamatira ming'alu ya bwato, osaganiza kuti bwato limakhala m'madzi ozizira pomwe umu muli moto ndi petulo. Phula linasungunuka, kulowa m'mazenera a m'mbali, kumata maring'i a pisitoni, kutseka njira ya mafuta. Ndipo zenera la utsi, limene ine ndinaliyeza kasanu, linali litayasama ngati kamwa la kampango.

Msodzi wina wokalamba anasuzumira, n'kugwira pakamwa.

"Lufeyo, kodi umati uipalase mpaka ku Likoma?"

Gombe lonse linagwa ndi phwete. Amayi owamba nsomba mpaka kukhala pansi. A Lufeyo anakankha zitsulozo ndi phazi.

"Tengani chitsulo chanucho. Chinabwera chowola kale."

Amalume anandigwira paphewa. "Landira, mwana wa mlongo wanga. Uthokoze, akuchitira chifundo."

Chifundo! Ili yamoyo inali ya malemu. Itafa inasanduka yanga, ndiponso ndithokoze. Ndinatolera zitsulo m'chitenje osathokoza aliyense. Ndinalira njira yonse, osati kulira kwa maliro koma kwa munthu amene akufuna kumenya wina koma sadziwa kumenya.

Phula ndinalichotsa masiku asanu ndi palafini ndi kamtengo. Maring'i ndinawaviika mpaka anamasuka. Mikwingwirima ya pa pisitoni ndinaisalaza. Ndinabwereka pampu ya njinga n'kuyesa mimba ndi madzi a sopo, thovu osatuluka. Mimba inali itapulumuka. Chinatsala ndi zenera. Silinda ina ya mtundu umenewu kunalibe ku Nkhotakota, ndipo amene ndinawatuma ku Lilongwe anabwera chimanjamanja. Amayi anafunsa ngati alankhule ndi dalaivala wa lole yopita ku Joni. Ndinawapempha kuti adikire sabata imodzi.

Ndinakhala nayo silindayo pamiyendo masiku awiri. Kenako ndinaganiza kuti denga la zenera sindingalitsitse, koma nyumba yonse ndingathe kuitsitsa. Silinda ikakhala pansi pang'ono, mazenera onse amatsika nayo, ndipo pisitoni imachedwa kutsegula la utsi. Izi palibe anandiphunzitsa. Ndinachotsa gasiketi, kapepala kokhala pakati pa silinda ndi mimba. Ndinapempha chidutswa cha galasi la zenera losweka kugolosale, n'kusefa mchenga wosalala pa nsalu, n'kusakaniza ndi oyilo. Ndinkapera tsinde la silinda pa galasipo mozungulira, kutsuka, kuyeza, kuperanso. Choopsa chinali chakuti ndikapitirira, pisitoni idzagunda denga. Ndiye ndinasula kachidutswa ka mtovu wa ukonde kukhala kopyapyala, n'kumakalowetsa pa bowo la pulagi kuti pisitoni ikafinye, ine n'kuona mpata wotsala. Mazenera a m'mbali nawo anatsika, ndiye ndinawapala pang'ono kuti abwerere pa nthawi yake. Nditafika pamene mtovu unandiuza kuti basi, ndinasiya, ngakhale zenera la utsi linali lidakali m'mwamba kuposa mmene ndinkafunira.

Inalira pa kukoka kwachinayi. Sinali ngati kale. Mu mlombwa inkatsamwa, ndipo matabwa a maboti, amene ali ndi phindu lenileni, ndinadziwa kuti ndawataya. Koma mango akale, bulugamu ndi nkhuni inkadula. Amayi owamba nsomba amafuna nkhuni tsiku lililonse, ndipo anayamba kundiitana okha. Ndinauza amayi anga kuti dalaivala uja amuiwale.

Sabata isanathe, ndikudula mtengo wa mango umene unagwa ndi mphepo, ndinaona anthu atatu akubwera: a Lufeyo, nkhoswe ya kwawo, ndi amalume anga kumbuyo akuyang'ana pansi. Amayi owamba nsomba anali atazungulira ndi nkhata zawo kudikira nkhuni. Ndinazimitsa injini, koma sindinaiike pansi.

Nkhoswe ija inatsokomola. "Mayi a Edina, tamva kuti sowo ya malemu yadzuka. Tathokoza kuti mwaisunga bwino. Tsono poti paja pamphasa inagwera alamu anuwa, tati tidzaitenge mwamtendere."

"Ndinali nditaitsegula kale ine," anatero a Lufeyo. "Chinkangofunika n'kutsuka."

Mayi wina anaseka. "A Lufeyo, phula lina mwagula?"

"Abwera ndi nkhafi lero," anatero wina.

Amalume anayandikira. "Mwana wa mlongo wanga, tisakangane pamaso pa anthu."

Ndinawayang'ana kumaso, amalume anga enieni, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chibadwire.

"Amalume, munalipo pogombe. Imene mumati ya malemu ija anaipha okha alamu, anaiponda ndi phazi, inu n'kundiuza kuti ndithokoze. Iyi ndi yanga."

Ndinaiika pansi, kuiponda ndi phazi pa chogwirira n'kukoka chingwe. Inalira. Nkhoswe ija inkatsegulabe pakamwa, manja akukwera ndi kutsika, koma palibe anamva kanthu. Ndinalowetsa tcheni mu mango, utuchi n'kuwaza pa nsapato za a Lufeyo. Anaima pang'ono, kenako anatembenuka mmodzimmodzi.

Sanabwerenso. Sanapepesenso, ngakhale mmodzi. Amalume anakhala chaka osaponda pakhomo pathu, akuti ndinabwera ndi mwano wa ku Joni. Edina amagona m'nyumba mwanga, ndipo m'mawa ndimamuperekeza ndekha mpaka pamsewu. Koma mwezi watha munthu wopanga maboti anabwera ndi chipika cha mlombwa pangolo n'kundichonderera kuti ndingoyesa. Ndinayesa. Inalowa kutalika kwa chala, n'kutsamwa, n'kuima. Ndinamuthandiza kukweza chipika chake pangolo, ndipo tsiku limenelo sindinadye.